Masiku Anayi ku Sheffield

Uthenga unandipeza m'laibulale:
"Msonkhano watha, tili ku London.
Lachisanu tikupeza. Konza malo."
Malo!
Bedi limodzi, mpando wotsimphina mwendo,
zenera loyang'ana khoma la njerwa zakuda
ndi nkhunda yomwe sinandiyankhepo moni.

Ndinabwereka matiresi opopa kwa Oluchi wa m'chipinda cham'mwamba,
mbale ziwiri kwa mnyamata wa ku Kerala
yemwe timangolankhulana za tsiku lotulutsa zinyalala.
Mapaundi makumi awiri, ndalama ya basi ya sabata yonse,
ndinawamwetsa mita ya gasi
kuti anzanga asadziwe
kuti kuno ndimagona nditavala jekete,
masokosi m'manja.

Basi inachedwa ndi ola lathunthu.
Mvula yake ija, yosagwa, yosakata,
yongonyowetsa munthu mwakabisira.
Kenaka uyo Asiyatu, chikwama ngati akusamuka,
akukuwa dzina langa la ku sekondale
lomwe mumzinda uno palibe akulidziwa,
azungu onse pasiteji cheu!
Wongani pambuyo, mano gwegwegwe:
"Iwe, dzikoli analiiwala m'firiji ndani?"
Chitunda cha kunyumba tinachikwera tikupumira m'mwamba,
iye akulumbira kuti ndam'bwezera ku Chiweta.

M'chikwama munatuluka mpunga wa Kilombero
womangidwa m'chitenje,
kambuzi m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa,
mtedza wokazinga amayi, wopserera mbali imodzi monga mwa nthawi zonse,
ndi pepala la abale:
foni, nsapato nambala eyiti, wotchi "ngakhale yakale".
Asiyatu anathira anyezi m'mafuta ngati ali kwawo ku Mangochi.
Belu la utsi linalira.
Nyumba yonse panja, ena m'matawulo,
ife atatu pakati, titagwirana, misozi ya phwete,
ndipo mnyamata wa ku Kerala, kwa nthawi yoyamba,
anandifunsa chomwe tikuphika.

Ndinawaonetsa tramu, msika wa Moor,
maluwa okhala m'nyumba yagalasi ngati odwala.
Anandijambula pakhomo la yunivesite,
"Imirira bwino, amalume ako aone."
Ndinaimirira bwino.

Loweruka usiku ndinanama.
Ndinati ndikukawerenga, mayeso ali pafupi.
Ndinapita ku Hillsborough, kunyumba yosungira okalamba,
kukatembenuza Bambo Ollerenshaw maola awiri aliwonse,
kuwapukuta, kuwamvera akuitana mkazi wawo
yemwe anamwalira ine ndisanabadwe.
Ndinabwerako kukucha, mapazi ngati a munthu wina.
Asiyatu anali maso.
Yunifolomu yanga ina, yomwe ndinaibisa kuseri kwa mabuku,
inali pampando, yochapidwa, yopindidwa bwino.
Sanandifunse kanthu.
"Tiyi ali m'kapumo. Gona pabedi,
ife matiresiwa tawazolowera."
Wongani ananamizira mkonono,
koma mkonono wake weniweni ndimaudziwa.

Amati mlendo ndi mame.
Kuno mame sakamuka msanga,
amauma pagalasi n'kukhala chisanu,
umachita kupala ndi chikhadabo.

Lolemba basi inanyamuka pa nthawi yake, yopanda chisoni.
Ndinabwerera ndekha kuchitunda chija.
Ndinatsegula kachivindikiro ka matiresi,
n'kuwakhalira, akuusa moyo pang'onopang'ono
mpaka ndinafika pansi.
Nsagwada zikuwawa.
Masiku anayi ndikulankhula osayamba ndasanja mawu m'mutu,
osabwereza dzina langa kawiri.

Madzulo, ponyamula ketulo,
ndinapeza mapaundi makumi anayi
ndi pepala la abale lija, atalikhwatcha lonse.
Kuseri kwake, zolemba za Wongani zokhotakhota zija:
"Za gasi. Jekete ndi ya panja, iwe."

Mpunga watsala wa masabata atatu ndikamatapa mosamala.
Mawa ndibweza mbale za eni.
Imodzi ndiibweza ili ndi kanthu.