Mtengo wa Mtengo

Chinenero chathu chinaoneratu patali:
liwu limodzi, mtengo,
wina wa masamba, wina wa m'thumba.
Ine ndazindikira mochedwa, kuno ku Rochdale,
nditaima kuseri kwa nyumba, tiyi akuzizira m'manja,
Declan akukweza maso ngati wogula ng'ombe
amene sakufuna kuonetsa kuti waikonda.

Anauzungulira kawiri, nagogoda thunthu ndi chibakera.
Wadwala, anatero, m'kati mwafumbwa.
Kenaka pakapepala:
mapaundi zikwi ziwiri ndi mazana atatu.
Kuzula chitsa, mazana anayi apadera.

Ine ndalama ndimawerenga m'mausiku.
Apa panali mausiku makumi awiri ndi asanu
otembenuza nkhalamba za eni pabedi,
kusintha nsalu zonyowa, kuyankha belu,
kudikira basi yoyamba mapazi atatupa.

Bambo anga ankacheka matabwa ku Chikangawa,
iwo m'dzenje, mnzawo pamwamba,
utuchi ukuwagwera m'maso mpaka anafiira kosatha.
Chimtengo ngati ichi chikanatilipirira sukulu chaka chonse,
chikanabala chitseko, mabenchi a tchalitchi,
ndi bokosi la wina wosayembekezera.
Lero mwana wawo alipire munthu
kuti amuchotsere chuma pakhomo.

Nditauza Lingisoni pafoni anaseka mpaka kutsamwa:
Mlongo, tumiza tikiti, ndibwera ndi nkhwangwa,
pofika masana tikhala tikuotcha makala.
Sadziwa kuti kuno nkhwangwa imayamba yapempha kukhonsolo,
imadikira kalata masabata asanu ndi limodzi,
imadikiranso kuti ana a mbalame auluke.
Sadziwa Mayi Hargreaves a kuseri kwa mpanda,
amene mphepo ya Febuluwale itagwetsa nthambi padenga lawo
anabwera akumwetulira,
matailosi osweka ali m'manja ngati mphatso.

Dzina la mtengowu m'chilankhulo changa mulibe.
Ndinkangouti mbawa ya kuno.
Tinaupeza, sunatifunse mapepala.
Panthambi ya kum'mawa pakadali chipsera cha chingwe
pomwe Ndaziona ankachita katungwe pa tayala lakale,
akukuwa kuti amayi ndikankheni,
ine ndili ndi tulo ta usiku wonse m'zikope.
Tsopano ali ku Leeds, akuphunzira za mankhwala.
Anandilembera Chichewa chake chotsimphina:
Amayi, osadula iye.
Sindinamukonze.

Anabwera Lachiwiri, anyamata atatu ndi zingwe.
Declan anakwera ngati gologolo wovala chisoti,
nayamba kumwamba, nthambi imodziimodzi,
kuutsitsa mwaulemu monga timatsitsira maliro.
Chimakina pamsewu chinkameza zonse, kulavula zinyenyeswa,
nkhuni zoti mudzi ukanaphikira mpaka dzinja.
Ndinatseka zenera. Ndinatsegulanso.

Maola asanu basi.

Ndinapempha kachidutswa kamodzi, kozungulira ngati lichero.
Tengani, anatero, aka n'kaulere,
ndipo ndinathokoza, ine, pa mtengo wanga womwe.
Madzulo ndinawerenga mizere yake ndi nsonga ya foloko,
ndinasokonezeka pa makumi asanu ndi atatu.
Fungo lake linali la malaya a bambo.

Tsopano dzuwa, likakumbuka kutuluka,
limalowa m'khitchini mopanda odi,
kuonetsa fumbi lomwe mthunzi unkandibisira.
Nkhunda ziwiri zimazungulirabe pamalopo,
kufuna kutera pa mpweya.
Mayi Hargreaves anabweretsa keke.

Chitsa ndinachisiya.
Mazana anayi aja anapita kumudzi, kukagula malata.
Ndikaweruka m'mawa ndimakhala pamenepo,
nsapato nditavula, jekete ndisanavule,
ndipo sabata yatha, m'mbali mwake,
ndinaona timphukira titatu, tofiirira,
tosadziwa kuti nkhaniyi tinalipira kale.