Wometa wa ku Izmir

Ndimameta amuna a mu Izmir kuyambira mbandakucha,
galasi kutsogolo, galasi kumbuyo,
pobisala palibe:
liwombo langa limandisuzumira kawiri,
kunyezimira ngati sosala yotsukidwa.

Bambo anali ndi dazi. Malumenso.
Dokotala Nermin anandijambulira papepala
kamuzu ka tsitsi kakufota chaka ndi chaka.
"Si chipewa, Tuncay, si sopo.
Thupi limasandutsa mphamvu yachimuna
kukhala ina yaukali, yofinya mizu.
Kapilitsi aka kamatchinga njira yosandukirayo.
Kamodzi patsiku. Mukasiya,
dazi lidzapitiriza pomwe linalekezera."

Ananenanso zina motsitsa mawu,
za kuchipinda, zomwe zimagwera ena.
Ndinagwedeza mutu, maso ali pansapato.

Mkazi wanga ndi woyembekezera,
sayenera kukhudza pilitsi lophwanyika,
ndiye botolo limagona kuno, m'kabati ya malumo.

Mwezi wachiwiri tsitsi linathothoka kuposa kale.
Ndinasesa langa pamodzi ndi la makasitomala,
osadziwa kuti ili ndi la yani.
Usiku wina padoko, botolo lili m'thumba,
ndinangotsala pang'ono.

Lero, mwezi wachisanu ndi chiwiri,
Erkan wondithandiza waima kumbuyo kwanga,
tsache lili m'manja:
"Abwana, pamwambapa pamera timaudzu."

Sindinatembenuke.
Ndanola lumo,
ndauza mkulu wapampando kuti awerame pang'ono,
ndipo poti iye sakuona,
ndaba ndi diso limodzi
m'galasi lakumbuyo.