Mamita Asanu ndi Awiri

Basi yawo yaima pakhomo la holo,
yaitali kuposa kamsewu kathu ka kutchalitchi.
Atsika ndi zikwama zofanana, nsapato zofanana,
madokotala awiri, ndi mnyamata wina
amene ntchito yake n'kungonyamula madzi.
Ife madzi timatunga tokha pampopi wa kuseri,
uja umauma gwa chipale chikagwa mu Januwale.

Ndine Etelka. Zaka makumi atatu ndi zinayi,
misomali iwiri m'bondo lakumanzere.
M'mawa ndimagulitsa mankhwala a chifuwa pakona,
madzulo ndimaima pakati pa mitengo iwiri
kuti atsikana andigende.

Iwo ndi anzawo a ku Budapest
amangobwerekana chikho cha ligi
ngati anthu oyandikana nyumba obwerekana mchere.
Ife dzina lathu lili kumunsi kwa tsamba,
kuja amakulungira nsomba za mumtsinje wa Tisza.

Ndipo uyo, nambala naini, ndi Boglárka.
Anabwera kuno ali ndi zaka khumi ndi zitatu,
atakwezedwa pakaliyala ya njinga ya mayi ake,
mpira ukumupulumuka ngati sopo.
Ndine ndinamupaka ulimbo woyamba kuzala,
ndine ndinamuuza: phewa lako limakuneneza, mwanawe,
ukafuna kuponya pansi limayamba lokha kugwada.
Lero wandidutsa m'khonde maso ali kunsapato.
Sindikumuda. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ola lonse ukonde wakhala ukulira kumbuyo kwanga.
Makumi atatu ndi chimodzi kwa khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
A Vince okalamba aleka kuomba ng'oma,
aiika pamiyendo, akusenda lalanje.
Kochi wathu watha mawu, wangotsala manja.

Kwatsala mphindi ziwiri. Wenzulo.
Orsolya wakoka mkono wa munthu m'malere,
woyimbira waloza kamzere kaja.
Holo yati zii,
moti ndikumva paipi yotenthetsa ikugogoda kukhoma.

Boglárka waponda mzere.
Akutembenuza mpira, ulimbo ukuti nya, nya.
Ndatuluka masitepe atatu, ndatambasula zonse zimene ndili nazo:
manja, miyendo, zaka, misomali iwiri ija.
Sindikuyang'ana maso ake. Maso amanama.
Ndikuyang'ana phewa.

Lagwada.

Ndadziponya pansi ndi mtima wonse,
bondo lati tswa,
ndipo mpira wadutsa pamwamba pa tsitsi langa
pang'onopang'ono, mwaulemu,
ngati munthu wodutsa pamaliro.

Ndili chagada ndikuona magetsi a kudenga,
awiri mwa iwo anapsa chaka chatha,
ndipo chimene chikukwera pakhosi si kulira.
Ndikuseka.
Kamwanaka kanamva. Kanasunga mawu anga zaka zonsezi,
kawanola, kabwera kudzandibaya nawo kwathu komwe.

Pomaliza tandandalika kupatsana moni,
dzanja, dzanja, dzanja, osayang'anana,
mpaka lake.
Ulimbo wa m'zala zake wagwira chikhatho changa,
takokana, sizikutheka,
mzere wonse waima kumbuyo kwathu.
Wati, bondo lili bwanji, aphunzitsi?
Ndati, pita, basi ikusiya.

Mawa sitolo ndimatsegula seveni koloko.
Banga lakuda m'dzanjali silichoka ndi sopo,
limafuna mafuta ndi masiku atatu.
Ndilisiya kaye.