Mawu a Wayilesi ya Bambo

Ku Kaphatenga magetsi akazima
ndimaika chitsulo chowotcherera pambaula,
nsonga yake pakati pa makala,
ndi kudikira chitenthe pang'ono chabe,
poti tiranzisita siichedwa kupsa mtima.

Ndili nazo zitatu m'kabokosi ka machesi.
Imodzi ndinazula m'wayilesi yakufa ya Che Likwanya,
ziwiri ndinagula kumsika wa paboma
kwa mnyamata amene analumbira pali mayi ake
kuti si zachinyengo.
Miyendo itatuitatu ngati kampando ka wosoka nsapato,
koma mwendo umodzi umangofuna kunong'onezedwa.
Ukaunong'oneza bwino, iwiri inayo imafuula.

Masana ndimawerenga matumba a mpunga pachigayo.
Usiku, kuseri kwa malisiti omwewo,
ndimalambula njira za magetsi ndi pensulo:
mavoliti khumi ndi awiri a batire ya njinga yamoto,
theka lake liime pakati, poyamwa sipika,
kuti mawu akakwera apeze malo,
akatsika apezenso malo.
Ndinachulukitsa, ndinagawa, ndinafufuta ndi malovu
mpaka pepala linabooka pa rezisita yachinayi.

Ulendo woyamba kunatuluka utsi,
kautsi kamodzi kowongoka, konunkha ngati tsitsi lowauka.
Ndinali nditatembenuza kapasita.
Mkazi wanga anafunsa ali kuchipinda
ngati nayonso inali ya ndalama ya sopo.

Ulendo wachiwiri zinalankhula, koma mosasa,
ngati munthu wolalikira ndi chimfine.
Milungu iwiri ndikukanda mutu.
Kenako ndinazindikira:
ina imakankha, ina imakoka,
ndipo pamene zikupatsirana katundu
zonse ziwiri zimagona kamphindi,
mawu n'kugwera pampata.
Ndinaika madayodi awiri pakati pawo,
zikhale zili maso ngakhale popanda ntchito.

Ndiye kutentha kwa Salima mu Okutobala!
Tiranzisita ikatentha imamwa magetsi ambiri,
ikamwa ambiri imatenthanso,
katapila weniweni.
Ndinacheka chidutswa cha felemu ya windo lakale,
ndi kuzimangirira pamenepo ndi mabawuti,
ndi kuzipatsa karezisita kakang'ono aliyense kumwendo
kakuti, basi wamwa, dikira mnzako.

Zonsezi n'chifukwa cha bambo.
Zaka makumi atatu akumenya njanji ndi nyundo,
kuchoka ku Chipoka mpaka pasiteshoni,
nyundoyo inatsala m'makutu mwawo.
Tsopano nthawi ya mauthenga a maliro ikakwana
amakanikiza kawayilesi pakhutu
mpaka tsaya kudinda timabowo ta sipika,
kenako amandifunsa, wati ndani?
Ine mayinawo sindiwadziwa.
Ndimawabwereza molakwika, iwo n'kukwiya.

Lachinayi ndinamaliza.
Bokosi la pulayiwudi, sipika ya m'minibasi yophwasuka,
chotembenuzira mawu chovekedwa chitsekero cha botolo.
Ndinayeza pakati paja ndi mita:
zisanu ndi chimodzi, kuperewera pang'ono.
Ndinagusa waya wolowera ndi chala,
bokosi linang'ung'udza ngati njuchi mumphako,
ndipo nkhuku zinathawa pakhonde.

Bambo anakhala pampando wawo, manja pamaondo.
Woulutsa anayamba, mawu oyera, odzaza khonde lonse,
mudzi wakuti, mfumu yakuti, mwambo mawa masana.
Dzina lachitatu linali Yotamu Chimbalanga.

Anakweza dzanja.
Chepetsa, anatero.
Ndinachepetsa mpaka kunangotsala kaphokoso ka mvula yakutali
kamene ndalephera kukachotsa m'bolodi.
Anayang'ana kunjanji nthawi yaitali.
Ameneyo ankagwira chitsulo, ine n'kumamenya,
sindinamuphonyepo chala ndi kamodzi komwe.

Ndinagwira felemu ija ndi kuseri kwa chala.
Inali yofunda chabe, monga ndinawerengera.

Kweza, anatero bambo,
pali ena.