Makiyi a Lachinayi

Anandipatsa makiyi atatu pa kachingwe kofiira:
wa chitseko cha kumaso, wa kukhichini,
ndi wina wopindika, wa kabati ya mipira,
amene satsegula ukapanda kumunyengerera.
"Ndaziona," anatero Mayi Pritchard,
"Lachinayi lililonse holo ino ndi yako."
Ndinavomera msanga.
Ndinkayesa utsogoleri ndi maikolofoni.

Chisankho tinachitira m'katoni ya nsapato.
Mavoti khumi ndi anayi anga, khumi ndi awiri a Jamal,
ndi kapepala kamodzi kojambulapo mphaka wa ndevu.
Tonse tikudziwa kuti anali Kuba.

Kunja Hyson Green akuwaza kamvula kake kosatha,
sitima ya mumsewu ikukukuta njanji pokhota,
ndipo ana amalowa mmodzimmodzi, majekete ali chonyowa,
uyu akufuna ng'oma, uyo masamu amukanika,
winayo sakufuna kanthu,
kungoti kwawo sanayatse chotenthetsera m'nyumba.

Mpikisano wa mtsutso unali ku Derby.
Milungu itatu ndinatsutsana ndi galasi la kubafa,
amayi akumvetsera atakhala pa masitepe,
nsapato za kuntchito zili m'manja,
maso akulemera ndi usiku wonse wotembenuza okalamba.
Amati, "Bwerezanso, koma usathamange,
mawu si basi yoti ikusiya."

Tsikulo, pamaso pa oweruza atatu ndi kabelu kawo,
Chingerezi chimene ndimalota nacho chinandithawa.
Pakamwa panauma gwa.
M'mutu munangotsala mawu a amayi:
mutu ukakula sulewa nkhonya.
Ndinameza malovu, ndinayamba pakati pa mfundo,
ndinakafika kumapeto ndikupunduka.

Tinakhala achitatu.
Pa satifiketi analemba Ndazoina.

M'minibasi munali zii mpaka Long Eaton,
pamene Jamal, yemwe ndinamulanda mpando uja,
anandipatsira tchipisi chake chozizira osandiyang'ana
n'kunena kuti mfundo yanga yachiwiri inali bwino.
Yachiwiri yokha.

Zinazo sanandiuze pondipatsa makiyi.
Kuti mipando makumi anayi siidzisanja yokha.
Kuti posonkhetsa paundi ya pakhomo
pali manja ena amene umayenera kusawaona
akamadutsa mbale ali chofumbata.
Kuti Precious ndi Amira akalimbirana chomenyera mpira
mlandu wake si wa chomenyeracho,
unayambira kusukulu Lolemba,
ndipo udzauweruza utaima, mabisiketi ali kukhwapa.
Kuti pamsonkhano wa a khonsolo
adzakuombera m'manja, nadzakujambula,
koma denga lidzadonthabe pakona ya piyano
ndipo chidebe udzachikhuthula ndiwe.

Naini koloko. Onse apita, watsala Ayaan,
wa zaka khumi ndi chimodzi, chikwama chili pamaondo.
Bambo ake achedwanso kosungira katundu.
Timakhala pakhonde, nyali imodzi yokha ikuyaka,
iye n'kumandiphunzitsa kuwerenga m'Chisomali,
ine n'kumamuphunzitsa kunena kuti zikomo kwambiri.
Amati zikomo kwambili, kenaka amaseka mano onse,
mpaka magetsi a galimoto atatipeza.
Mphindi zimenezo palibe amazilemba mu lipoti.

Ndimatseka. Ndimagwedeza chitseko kawiri
monga amachitira amayi kunyumba.
Makiyi amazizira m'thumba njira yonse ya ku Radford.

Mu Juni katoni ya nsapato idzabweranso.
Mlongo wake wa Jamal wayamba kale kundizungulira,
kufunsa za bajeti, za amene amasunga buku la mayina.
Dzulo ndinamupatsa kiyi wopindika uja kuti ayese.
Anakankha ndi mphamvu, kabati inakana.
Ndinati, ayi, usalimbane naye.
Mulowetse yense, um'bweze pang'ono,
kenaka udikire mpaka umve kuti wavomera.