Kabokosi ka pa Fomu

Fomu ya kindagateni yafika Lachiwiri, yonyowa pakona,
chipale chofewa chitalowa m'bokosi la makalata.
Dzina la mwana: Linnea Haugland. Zaka: zisanu mu Meyi.
Katemera: analandira yense. Zimene sadya: palibe,
kupatula zitheba, koma sindizo akufunsa.
Kenaka funso lachisanu ndi chiwiri:
Kodi mwanayu anapitako kusukulu ya mkaka?
Timabokosi tiwiri. Inde. Ayi.
Cholembera changa chaima m'malere.

Mlamu wanga Solveig anandiuza kale, patebulo la Khirisimasi,
mpeni uli m'manja: M'mera mpoyamba, Arvid.
Wanga ankalemba dzina lake asanakwane zinayi.
Ine ndinangomwa khofi wanga.
Madola mazana asanu ndi atatu pamwezi.
Ndinawerengera kuseri kwa lisiti la mafuta,
ndinawerengeranso, ngati manambala amafewa ukawayang'anitsitsa.
Mayi ake amagwira usiku kuchipatala, usana amagona.
Choncho Linnea anakwera vani.

Zaka ziwiri m'misewu yotsetsereka ya Duluth,
iye kumpando wakumbuyo, miyendo ili lendelende,
tikugogoda m'makomo mwa anthu amene makina awo ochapira afa.
Masipanala amawasiyanitsa ndi dzanja lokha, osayang'ana.
Mabawuti amawasanja m'thireyi ya mazira, aakulu kumanzere.
Kuwerenga anaphunzirira pa ndalama zachitsulo
zimene timazipeza zitatsamwitsa mapampu
pamodzi ndi mabatani, mapini, ndi dzino limodzi la mwana wa eni.
Chilembo choyamba kuchizindikira chinali E,
chija makina amaonetsa akamadandaula.
Amadziwa kuti kwa mayi Okerlund umavula nsapato,
kuti galu wa kuseri kwa tchalitchi amangouwa, saluma,
kuti munthu akamalirira makina
kawirikawiri nkhani si makinawo.

Zonsezi ndizilembe pati?
Kabokosi n'kochepa ngati chikhadabo chake.

Koma ndisadzitame msanga.
Loweruka lapitali kupaki, matope atayamba kuoneka,
ana asanu ankathamangitsana kuzungulira katungwe.
Wina anakuwa lamulo, wina analiphwanya,
anakangana, anakankhana, anaiwala.
Linnea anaima pampanda, manja m'matumba,
monga ndimaimira ine pamaso pa makina achilendo,
kumvetsera kaye pamene pakulira.
Ndinati, Pita. Anati, Sanandiitane.
Ndinati, Saitana, umangolowa.
Anandiyang'ana ngati ndamutuma kulowa m'nyumba ya eni osaodira.
Anamuphunzitsa ndani kudikira pakhomo?
Ndine.

Kulimbirana chidole sakudziwa.
Kuima pamzere, kukweza dzanja,
kulandidwa chinthu n'kukachilandanso.
Anzake onse ndi aimvi, ena ali ndi ngongole kubanki.

Usiku ndinafunsa mayi ake akumanga zingwe za nsapato.
Anati, Ine sindinapiteko, ndipo si ine ndili pano?
Anafika pachitseko, makiyi m'manja, n'kuima.
Anati, Komatu mwezi wathunthu
ndinkabisala kuseri kwa majasi a anzanga,
mphunzitsi n'kumandipeza poona nsapato.
Anatuluka. Mphepo inalowa, inakweza fomu patebulo
n'kuibwezera pomwepo.

Ndachonga Ayi.
M'munsi mwake muli mizere iwiri:
Zina zimene aphunzitsi ayenera kudziwa.
Ndalemba: Amachedwa kulowa, koma amakhala akumvetsera.
Ndafufuta, poopa kuti zikumveka ngati kupepesa.
Ndalembanso zomwezo, pamwamba pa chipsera cha labala.

Linnea wabwera ndi sokosi imodzi,
wakwera pabondo langa, chala papepala:
Apa pali E. Apanso E. Uyu E wina.
Adadi, chawonongeka n'chiyani?
Ndati, Sindikudziwa, mwina palibe.
Tidzatsegula mu Seputembala tione.

Waganiza pang'ono, watsika,
wapita kukatenga tochi.