Ubweya wa Mwala

Ejvind samva khutu lakumanzere,
ndiye ndimaima kumanja kwake
shifiti ya usiku ikamayamba,
mphepo ya ku Jutland ikukanda malata a fakitale.

Malole atula masana mwala wakuda,
uja phiri linasanza kalekale, nuuma, nuiwala.
Yathu ntchito n'kuukumbutsa.
Timauthira m'ng'anjo pamodzi ndi malasha
ndi zinyatsi zotsala kosungunulira chitsulo
mpaka geji iwerenge madigiri chikwi ndi mazana asanu.
Apo mwala umagonja.
Umatuluka pamlomo pa ng'anjo uli chuu,
kuwala kwake maso kuchita kukana.

Ejvind sayang'ana geji, amayang'ana mtundu.
"Ukada m'mphepete, onjeza mpweya,"
amakuwa, poti mawu ake omwe samawamva.

Pansi pali magudumu anayi,
liwiro lake ungati aima.
Mtsinje wa moto ukagwerapo umamwazika,
mphepo ya m'mapaipi n'kuukoka, n'kuukoka,
dontho lililonse kumera mchira
wowonda kuposa tsitsi la khanda.
Utomoni ndi timafuta zimagwerapo ngati mvula yamawawa.
Ine ndinaona ndi maso angawa
mwala ukuuluka.

Palamba ubweya umaunjikana.
Mkono wachitsulo umaupinda uku ndi uku
monga mayi apindira nsalu zapabedi,
uvuni n'kuumitsa, macheka n'kudula.
Zodukaduka sititaya,
zimabwerera kumoto kukayambanso ukhanda.

Sabata yoyamba ndinadzikanda mpaka magazi.
"Uzisamba madzi ozizira, Gunvor.
Otentha amatsegula khungu, timinga n'kulowa."

Cha m'ma fili koloko timakhala pa mphasa zokutidwa m'pulasitiki,
khofi m'manja, buledi wakuda wopaka chiwindi.
Zaka makumi atatu ndi zinayi pamagudumu amenewa.
Akuti Bodil akafuna kumuitana kuti adye
amaponda thabwa lapansi katatu,
iye n'kumvera m'mapazi.
Amaseka pofotokoza.
Kenako amanditulutsira chithunzi pafoni:
msewu wakwawo m'Januwale,
madenga onse akuda, akudontha,
lake lokha chipale chofewa chili mbuu.
"Ndinayala ndekha kudenga, mizere iwiri.
Kutentha kwanga sikuthawa."

Sikisi koloko kudakali bii.
Ndimapalasa njinga, magolovesi akununkha utomoni,
makutu akuyimba okha.
Pamasitepe ndimakumana ndi a Kjeldsen a nyumba yoyandikana,
maso ali psuu, khanda paphewa.
"Pepani, lakhala likulira chiyambire dzulo."
Ndimalowa. Khandalo layambiranso, ndaliona kukamwa yasa
chitseko chisanatsekeke,
koma muno muli zii.

Ndimagwira khoma ndi chikhatho.
M'katimo mwagona mwala umene unaphunzira kufewa,
ukumeza kulira, ukumeza chisanu.
Phokoso limene khomali likundibisira
alipo amene analipirira kale
ndi khutu lakumanzere.

Ndimatsegula mpopi wa madzi ozizira.